Ndani angayeze ubwino wa moyo wa mnzake?

M'chaka cha 1994, ofufuza a pachipatala cha Craig ku Colorado, m'dziko la America, anatulutsa zotsatira za funso limene anafunsa madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito m'maambulansi, anthu amene tsiku ndi tsiku amalandira ovulala pangozi. Anawauza kuti ayerekeze kuti iwowo avulala kwambiri msana n'kufa ziwalo. Kodi akanakondwa kuti apulumuka? Amene anati inde anali 18 okha pa 100 alionse. Koma mwa eni ake, anthu amene anavulaladi motero ndipo akhala zaka akuyendera njinga ya olumala, 92 pa 100 alionse anati ndi okondwa kuti ali moyo.

Madokotala ndi anamwino aja sanayankhe choncho chifukwa cha umbuli. Thupi la munthu amalidziwa kuposa wina aliyense. Amadziwa zilonda zimene zimabwera munthu akagonera mbali imodzi, amadziwa mapaipi a mkodzo ndi chibayo chobwerezabwereza. Chimene sachiona ndi tsiku wamba la wovulala uja patapita zaka zisanu, akukangana ndi mwana wake za sukulu, akumvera mpira pawailesi, akudikira mnzake amene walonjeza kudzacheza madzulo. Dokotala amakumana ndi munthu pa tsiku loipitsitsa la moyo wake, ndipo tsikulo ndi limene limamutsalira m'mutu.

Ena atafufuzanso anapeza zomwezo. Mu 1999, Gary Albrecht ndi Patrick Devlieger anacheza ndi anthu aulumali 153 m'dera la Chicago, ndipo mwa amene ulumali wawo unali wapakati kapena waukulu, 54 pa 100 alionse anati moyo wawo ndi wabwino kapena wabwino kwambiri. Amene anati moyo sukuwakomera ankatchula makamaka ululu wosatha, kutopa, ndi kusakhalanso ndi ulamuliro pa thupi ndi zochita zawo. Mu 2011, akatswiri a ku yunivesite ya Liège ku Belgium anafunsa anthu a ku France amene thupi lawo linauma pafupifupi lonse, moti ambiri amalankhula ndi maso okha, pophethira kapena poyang'ana zilembo. Mwa 65 amene anayankha mafunso mokwanira, 47 anati ndi osangalala ndipo 18 anati ayi. Panali ambiri amene sanabweze mayankho, ndipo n'kutheka kuti ovutika kwambiri anali m'gulu limenelo. Komabe madandaulo a 18 aja ndi ophunzitsa: kusowa njira yotulukira panja kukaona anthu, kusowa zosangalatsa, nkhawa, ndi kulephera kulankhula. Zina mwa zimenezi anthu owazungulira akhoza kuzikonza.

Maganizo a madokotala sanasinthe kwenikweni. Lisa Iezzoni wa ku Harvard atafunsa madokotala 714 a ku America pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021, 82 pa 100 alionse anati munthu waulumali waukulu amakhala ndi moyo wotsikirapo poyerekeza ndi ena.

Pamene nambala isanduka ndalama

Wina anganene kuti aliyense ali ndi ufulu woganiza zimene akufuna za moyo wa mnzake. Vuto ndi lakuti maganizo amenewa amasandutsidwa manambala, ndipo manambalawo ndi amene maboma amagawira ndalama za mankhwala.

Akatswiri a zachuma ndi zaumoyo ali ndi muyeso wotchedwa QALY. Chaka chimodzi cha thanzi langwiro amachiwerenga 1, imfa amaiwerenga 0, ndipo matenda ndi ulumali zimagwera pakati. Manambala apakatiwo amawapeza pofunsa anthu wamba, amene ambiri a iwo alibe ulumali uliwonse, mafunso onga ili: mutati mwatsala ndi zaka 10 zokhala osatha kuyenda, mungalole kutayapo zaka zingati kuti zotsalazo mukhale athanzi? Amene wati angataye zisanu, ndiye kuti moyo wotero wauika pa 0.5. Fomu yotchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi EQ-5D, imene imafunsa zinthu zisanu: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za masiku onse, ululu, ndi nkhawa. Anthu a ku Britain atafunsidwa mu 1993, ofufuza anawerengera manambala a mikhalidwe yonse 243 imene fomuyo inkatulutsa nthawi imeneyo, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linagwera pansi pa 0. Ofunsidwawo anaona kuti bola kufa.

Tsopano taganizirani mankhwala amene amatalikitsa moyo ndi zaka 10. Akaperekedwa kwa munthu wa nambala 1, buku limalemba phindu la 10. Mankhwala omwewo, pamtengo womwewo, akaperekedwa kwa munthu wa 0.5, buku limalemba 5. Palibe wakuba ndalama, palibenso wanena mawu achipongwe, koma masamu aika kale wina kumapeto kwa mzere.

Zimenezi zinafika poyera ku Oregon. Boma la dera limeneli linkafuna kuti chithandizo cha kuchipatala cholipiridwa ndi boma chifikire osauka ambiri, choncho linasanja matenda ndi machiritso 709 kuyambira ofunika kwambiri mpaka otsalira, kuti ndalama zikathera pakati pa mndandanda, za m'munsizo zisiyidwe. Posanjapo anagwiritsa ntchito, mwa zina, mayankho a anthu pafupifupi 1,000 amene anawaimbira lamya kuwafunsa za ubwino wa moyo wa odwala ndi aulumali. Mu Ogasiti 1992 nduna ya zaumoyo ya dziko lonse, Louis Sullivan, inakana dongosololi ponena kuti likuona moyo wa munthu waulumali ngati wochepa mtengo, zimene zikutsutsana ndi lamulo la 1990 loteteza anthu aulumali. Oregon inachotsa mayankho a pa lamya aja, ndipo mu 1993 dongosololi linavomerezedwa.

Mbale wake wa QALY ndi DALY, muyeso umene Christopher Murray ndi Alan Lopez anaukhazikitsa ndipo unatchuka kudzera mu lipoti la Banki Yaikulu Padziko Lonse la 1993. Uwu umawerenga zaka zotayika, ndipo vuto lililonse la m'thupi limapatsidwa kulemera kwake pakati pa 0 ndi 1. Kwa zaka zambiri khungu linkalemera pafupifupi 0.6. Pokonzanso manambala a 2010, ofufuza anafunsa anthu oposa 30,000 ku Bangladesh, Indonesia, Peru, Tanzania, America komanso pa intaneti, ndipo khungu linatsika kufika pa 0.195. Munthu angayembekezere kuti onse akondwa, poti nambala yatsopanoyo ikuvomereza kuti munthu wosaona sali pafupi ndi manda. Koma madokotala a maso anadandaula kwambiri, chifukwa vuto likapepuka pamapepala, ndalama zochotsera ng'ala m'maso mwa agogo zimapepukanso. Nambala yaikulu imanyoza amene ali kale osaona, yaing'ono imamana chithandizo amene akanatha kuonanso, ndipo nambala imodzi singathe kukhutiritsa onse awiri.

Kuwerenga kaye anthuwo

Munthu asanafunse ngati moyo wa anthu aulumali uli bwino, ayenera kudziwa kuti anthuwo ndi ati. Apa Zambia inapereka phunziro limene akatswiri a kalembera amalitchula mpaka lero. Kalembera wa 1990 ankafunsa mosapita m'mbali ngati pakhomo pali wosaona, wosamva, wopunduka miyendo kapena wosokonekera nzeru, ndipo anapeza 0.9 peresenti. Wa 2000 anapeza 2.7 peresenti. Mu 2006 kafukufuku wina anasintha kafunsidwe, ndipo 14.5 peresenti anapezeka kuti ali ndi vuto pa chinthu chimodzi kapena kuposerapo. Pa zaka zimenezi ku Zambia kunalibe nkhondo kapena mliri wopundula anthu ochuluka chotero. Mafunso okha ndiwo anasintha.

Mafunso atsopanowo anachokera ku gulu la akatswiri lotchedwa Washington Group, limene linakhazikitsidwa pansi pa United Nations mu 2001. Alipo asanu ndi limodzi, ndipo mawu oti ulumali mulibemo. Amafunsa ngati munthu amavutika kuona ngakhale atavala magalasi, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu, kusamba ndi kuvala yekha, komanso kumvana ndi ena polankhula. Funso lililonse lili ndi mayankho anayi: palibe vuto, vuto lilipo pang'ono, vuto ndi lalikulu, sangathe n'komwe.

Aliyense amene anakulira kumudzi akhoza kuona chifukwa chake njirayi imagwira anthu ambiri. Wolemba kalembera akakhala pampasa pakhonde n'kufunsa kuti, "Kodi pakhomo pano pali wolumala?", mayi wa pakhomopo amayankha kuti palibe, agogo ali chikhalire pambali pake. Agogowo sanapite kutchalitchi chaka chonse chifukwa cha mawondo, ndipo mdzukulu amamuzindikira ndi mawu okha, koma palibe angawatche olumala. "Ndi ukalamba basi," amatero. Makomo ena amabisa dala mwana wakhunyu kapena wosalankhula poopa miseche ya anthu. Koma akafunsidwa kuti, "Kodi agogowa amavutika kuyenda?", yankho limatuluka lokha, chifukwa funsolo silinyoza munthu.

Ku Malawi, kalembera wa 2008 anapeza anthu aulumali 3.8 peresenti. Wa 2018, amene mafunso ake anatengera njira ya Washington, anapeza 10.4 peresenti ya anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwowa vuto lawo linali la maso. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino 134,636, pamene kwa zaka zambiri mabungwe ankangoyerekeza kuti alipo pakati pa 7,000 ndi 10,000. Amene amaitanitsa mafuta oteteza khungu ku dzuwa a m'zipatala akudziwa kutalikirana kwa manambala awiriwa. Padziko lonse, bungwe la WHO linati mu 2022 anthu aulumali waukulu analipo 1.3 biliyoni, munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse.

Kufunsa mwini wake

Kalembera amanena kuchuluka kwa anthu basi. Kuti moyo ukuwakomera kapena ayi, pamafunika mafunso ena. WHO inayamba kukonza mafunso otero mu 1991, mothandizana ndi ofufuza a m'maiko osiyana zikhalidwe, kuphatikizapo a ku Harare. Poyamba anatuluka mafunso 100, kenako anawafupikitsa kukhala 26 pa fomu yotchedwa WHOQOL-BREF. Amakhudza thupi, maganizo, ubale ndi anthu, komanso malo amene munthu amakhala: ngati amagona tulo, ngati ali ndi ndalama zokwanira, ngati anzake amamuthandiza, ngati mayendedwe ndi osavuta, ngati amadzimva kukhala wotetezeka. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti woyeza ndi mwini moyo. Fomuyi ilipo m'Chichewa. Inayesedwa pa anthu oposa 300 ku Lilongwe ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012.

Anthu aulumali ataiona anati ikusowa zinthu zimene kwa iwo ndiye pagona nkhani. Choncho mu 2010 panatuluka mafunso 13 owonjezera, pa ntchito imene anaitsogolera Mick Power wa ku Edinburgh. Amafunsa za tsankho, ngati munthu ali ndi womuimira pakavuta, ngati amasankha yekha zochita pa tsiku, ngati zisankho zikuluzikulu za moyo wake amapanga ndi iye, ngati anthu amamulemekeza ndi kumuwerengera pa zochitika. Munthu wathanzi saganiza zoika funso lakuti "kodi mumasankha nokha nthawi yogona?" pa fomu, chifukwa sanaonepo tsiku limene wina anamusankhira.

Ngakhale fomu itakhala yabwino chotani, pakhonde paja pamakhalabe zopinga. Wofunsa akapeza mtsikana wosamva, ndipo iye chinenero chamanja sachidziwa, amatembenukira kwa amake. Amake amayankha moona mtima, koma amayankha za mtolo wawo ndi nkhawa zawo, zimene sizifanana nthawi zonse ndi za mwanayo. Ofufuza aona kawirikawiri kuti oyankhira ena amalondola pa zooneka ndi maso, monga ngati munthu amatha kuvala yekha, koma amaphonya pa za mumtima, ndipo nthawi zambiri amaika moyo wa munthuyo pansi kuposa mmene mwini wake angauikire. Palinso mafunso amene munthu sangayankhe zoona womusamalira ali pomwepo. Ndani anganene kuti samulemekeza pakhomo, amene amamusambitsa ali chiimire pakhomo la khitchini?

Kwa anthu amene nzeru zawo zimagwira pang'onopang'ono pali vuto linanso. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, Carol Sigelman ndi anzake ku Texas anaona kuti ambiri a iwo amayankha inde ku funso, n'kuyankhanso inde ku funso lotsutsana nalo. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akudzudzulidwa amaphunzira kuti kuvomera ndiko kumamupulumutsa. N'chifukwa chake fomu ya WHO ya anthu amenewa ili ndi mayankho atatu m'malo mwa asanu, ndiponso zithunzi za nkhope, yosekerera, yongokhala ndi yokwinya, kuti munthu aloze. Ntchito yake imadya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wofunsa amene wapatsidwa makomo ambiri oti amalize dzuwa lisanalowe sadekha.

Pamene "ndili bwino" sakwanira

Apa nkhani ikanatha mosavuta, kuti funsani eni ake basi. Koma Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anakumbutsa anthu za kafukufuku wina wa 1944. Unachitikira ku Singur, pafupi ndi Calcutta, patangotha chaka chichitikireni njala yoopsa ya ku Bengal. Mwa amuna oferedwa akazi, 48.5 peresenti anati thanzi lawo silili bwino. Mwa akazi amasiye, amene aliyense ankadziwa kuti ndiwo ovutikitsitsa pa chakudya ndi chisamaliro, amene anatero anali 2.5 peresenti yokha. Akaziwo sankanama. Anali atazolowera kusayembekezera kanthu, ndipo wosayembekezera kanthu sadandaula.

Chimodzimodzi mnyamata amene sanalowepo m'kalasi chifukwa sukulu ili kutali ndipo njinga alibe. Akhoza kuloza nkhope yosekerera ndi mtima wonse, ndipo palibe ali ndi ufulu womutsutsa. Koma boma limene lingatenge yankho lakelo n'kunena kuti ntchito yatha lingakhale likumubera kachiwiri. Ndiponso si zoona kuti aliyense amazolowera. Richard Lucas wa ku Michigan State University anasanthula mayankho a anthu a ku Germany ndi Britain amene ankafunsidwa chaka ndi chaka, asanalumale komanso atalumala, ndipo mu 2007 anaonetsa kuti chisangalalo cha ambiri chinatsika ndipo sichinabwererenso pamene chinali. Kunena kuti aulumali onse ndi osangalala ndi ulesi wofanana ndi kunena kuti onse ndi omvetsa chisoni.

Sen anatsindikanso kuti ndalama zofanana sizigula moyo wofanana. Wiebke Kuklys, amene ankachita kafukufuku ku Cambridge, anaziwerengera pogwiritsa ntchito manambala a ku Britain. Mwa anthu onse, 17.9 peresenti anali pansi pa mzere wa umphawi. Mwa okhala m'mabanja amene muli waulumali, anali 23.1 peresenti. Ataonjezapo ndalama zimene ulumali umadya, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 47.4 peresenti. Kwathu kuno ndalama zoterozo n'zosabisika. Woyendera njinga ya olumala akakwera minibasi, nthawi zambiri amalipiriranso malo a njingayo, mwinanso a womuperekeza. Tayala likatha, ndodo ikathyoka, batire la kachipangizo kothandiza kumva likafa, zonsezo ndi ndalama. Mwana amene watsala pakhomo kuti atunge madzi ndi kuphikira kholo losaona walipira ndi sukulu yake. Fomu imene imangofunsa kuti banja limapeza zingati pamwezi siziona zimenezi.

Choncho ofufuza osamala amayenda ndi miyeso iwiri. Wina ndi mawu a mwini wake. Wina ndi zinthu zowerengeka ndi zogwirika: ngati anapita kusukulu, ngati ali pa ntchito, ngati chimbudzi cha pakhomo angathe kulowamo, ngati pa chipatala pali polowera njinga, ngati analandira chipangizo chimene akufunikira. Miyeso iwiriyi ikasemphana, kusemphanako kumakhala ndi nkhani yake, monga zinalili kwa akazi amasiye a ku Singur.

Njira imeneyi inayesedwa ku Malawi mu 2003, pamene bungwe la FEDOMA, limene limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, linagwirizana ndi Centre for Social Research ya University of Malawi ndi bungwe la SINTEF la ku Norway. Kafukufuku wotere anachitikanso ku Namibia, Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique. Ofufuza ankayerekeza makomo amene muli waulumali ndi makomo amene mulibe, ndipo ena mwa oyenda ndi mafomu m'midzi anali aulumali eni ake, chinthu chimene chimasintha macheza a pakhonde kuyambira pa moni. Lipoti la 2004 linaonetsa kuti mwa aulumali a zaka 5 kupita m'tsogolo, 35 pa 100 alionse anali asanapondepo kusukulu, pamene mwa anzawo opanda ulumali anali 18. Kafukufukuyu anabwerezedwa patapita zaka zoposa khumi kuti aone ngati mpatawo ukuchepa. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 31 la panganolo limalamula boma kusonkhanitsa manambala otere ndi kuwafalitsa m'njira imene aulumali eni ake angathe kuwapeza, kuphatikizapo osaona ndi osamva.